Funsani Adokotala: Mtima wa amuna anga wangokakamira pa 150

FUNSO

Zikomo Adokotala. Amuna anga ali ndi zaka 63 ndipo akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zisanu ndi zitatu. Masabata atatu apitawo anayamba kudandaula kuti mtima ukuthamanga ngati akwera phiri, chonsecho angokhala pampando. Akangoyenda pang'ono befu, usiku akugonera mapilo atatu. Kamakina kathu koyezera BP kakuonetsa kuti mtima ukugunda 148, 150, 151, m'mawa ndi madzulo chimodzimodzi. Ulendo woyamba kuchipatala anatiuza kuti ndi maganizo, akapume. Titabwereranso anawajambula mtima ndi makina a ECG n'kutiuza kuti ndi atrial flutter. Anawapatsa mankhwala amitundu iwiri, ena a mtima, ena akuti osungunula magazi, ndipo akuti pakatha masabata angapo adzawachita shoko ndi magetsi. Ine mantha andigwira. Matendawa ndi otani? Magazi awo alakwa chiyani poti vuto lili pa mtima? Nanga ngati shokoyo ndi imene iwachize, bwanji osangowachita lero lomwe?

Mayi wodera nkhawa

YANKHO

Mayi, munachita bwino kwambiri kulemba manambalawo. Ndisanafike n'komwe pamene mwatchula dzina la matendawa, 148, 150 ndi 151 uja anali atandinong'oneza kale.

Mtima wothamanga chifukwa cha mantha, malungo, maganizo kapena kukwera chitunda sukhala pamalo amodzi. Pano 118, pakapita kanthawi 132, munthu akagona tulo umatsika mpaka 90. Koma mtima wongokakamira pa 150, munthu akhale pansi, agone, adzuke, umenewo umatipatsa maganizo ena. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiloleni ndikulowetseni m'kati mwa mtimawo pang'ono.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi n'kuwatsitsira m'munsi, ndipo zam'munsizo ndiye zamphamvu, zimene zimapopa magazi kupita kumapapo ndi m'thupi lonse. Chimene chimalamula kuti zipindazi zifinyike ndi timagetsi timene mtima umapanga wokha. Pamwamba pa chipinda cham'mwamba chakumanja pali kagulu ka maselo kotchedwa sinus node, kamene ntchito yake ili ngati ya woyimba ng'oma: kakagunda kamodzi, mtima wonse umavina kamodzi. Munthu wamkulu akakhala phee, kamagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi.

Pa atrial flutter woyimba uja amalandidwa ng'oma. Mphamvu ya magetsi, m'malo modutsa kamodzi n'kuzima, imapeza kanjira kozungulira m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kuzungulira khomo la vavu (kachitseko ka mu mtima) yotchedwa tricuspid. Ikalowa m'kanjirako imangoti zungulizunguli ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, osaima. Ikazungulira kamodzi, zipinda zam'mwamba zimagunda kamodzi, ndipo imazungulira pafupifupi ka 300 pa mphindi, kutanthauza kasanu pa sekondi iliyonse. Zipinda zam'munsi zikanati zitsatire liwiro limenelo, munthu akanakomoka. Mwamwayi, pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pali chipata chimodzi chokha chodutsira magetsi, ndipo pachipatapo pali mlonda wotchedwa AV node. Mlondayu salola aliyense kudutsa. Kawirikawiri pa awiri alionse amalola mmodzi, wina n'kumubweza. Theka la 300 ndi 150, ndiye nambala ija mukuiona pa kamakina kanu. Mankhwala a mtima amene awapatsa, ndikuganiza kuti ndi a gulu la atenolol, bisoprolol kapena metoprolol, ntchito yake ndi kuumitsa mtima mlonda uja. Akayamba kulola mmodzi pa atatu, mtima umagunda 100. Mmodzi pa anayi, 75. Choncho musadabwe mukadzaona nambala yatsika mwadzidzidzi kuchoka pa 150 kufika pa 100 kapena 75 osadutsa pakati. Musaganizenso kuti matenda atha. M'mwambamo mbuzi ija ikuzungulirabe.

Amene anakuuzani kuti ndi maganizo sindiwaponyera mwala, chifukwa inenso ndinagwapo m'dzenje lomwelo. Nditangoyamba kumene ntchito ndinagoneka bambo wina wachikulire amene ankatsokomola, thupi lili moto, mtima pa 150. Ndinati ndi kutentha thupi kumeneku, ndikachiza chibayo mtima utsika wokha. Masiku atatu anadutsa, thupi linazizira, chifuwa chinayamba kupepuka. Namwino wina wamkulu, amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, anandiitanira pambali n'kundilozera tchati cha wodwalayo. Anangoti, "Adokotala, mzere uwu wawongoka ngati walembedwa ndi rula." Unalidi wowongoka, 150 kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Titajambula ECG tinapeza flutter. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo amandikumbutsabe mpaka lero kuyang'ana kawiri ndikaona nambala imeneyi.

Pa pepala la ECG, flutter imaoneka ngati mano a macheka, timapiri tofanana tondondozana popanda malo osalala pakati. Koma mtima ukakhala pa 150 mano enawo amabisala m'mizere ikuluikulu, moti ngakhale wozolowera akhoza kuwaphonya. Nthawi zina timabaya adenosine, mankhwala amene amatseka chipata chija kwa masekondi ochepa chabe, ndipo mano a macheka aja amaonekera poyera. Matendawa si achilendo kwa madokotala. Makina a ECG anapangidwa ndi Willem Einthoven wa ku Leiden kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1911 Jolly ndi Ritchie a ku Edinburgh anafotokoza flutter mwa munthu pogwiritsa ntchito makina amenewa. Cha mu 1920 Thomas Lewis wa ku London, poyesa pa agalu, anaonetsa kuti gwero lake ndi magetsi oyenda mozungulira.

Tsopano funso lanu la magazi, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse. Chimene amuna anu akumva, kugunda ndi befu, ndi chimene chikukusowetsani tulo. Chimene chimatisowetsa tulo ife ndi china, chimene sichimveka n'komwe. Zipinda zam'mwamba zikamagunda ka 300 sizifinya bwino, zimangonjenjemera, ndiye magazi ena amatsalira m'makona. Chipinda cham'mwamba chakumanzere chili ndi kathumba kooneka ngati khutu, ndipo m'menemo ndi mmene magazi amakonda kuima. Madzi oima amachita ndere, magazi oima amaundana. Kachibuma ka magazi oundanako kakathothoka kamalowa mumtsempha waukulu, ndipo njira yopita ku ubongo ili pafupi. Kakakatseka mtsempha kumeneko ndiye sitiroko ija, munthu kufa mbali imodzi, pakamwa kupotoka, mawu osatuluka. Madzi akatayika sawoleka, n'chifukwa chake timayamba kuteteza zisanachitike. Magazi a amuna anu sanalakwe chilichonse, ndipo dzina loti "osungunula magazi" limasocheretsa. Mankhwalawa sasandutsa magazi kukhala madzi, amangochedwetsa kuundana kwake.

Pamenepa ndi pomwe pagonanso yankho la chifukwa chimene sakuwachitira shoko lero. Mwanena kuti vutoli latha masabata atatu. Flutter ikapitirira maola 48, kapena ngati sitikudziwa tsiku limene inayamba, timaganiza kuti mwina kachibuma kapangika kale. Tikabwezeretsa mtima m'malo mwake lero, chipinda chija chiyambanso kufinya mwamphamvu, n'kukankha kachibumako kupita ku ubongo. Tingachize mtima koma n'kupundula munthu. Choncho lamulo ndi lakuti amwe mankhwala oletsa kuundana kwa magazi mosadumphitsa kwa masabata osachepera atatu shoko isanachitike, ndi masabata osachepera anayi pambuyo pake, chifukwa zipinda zam'mwamba zimakhala ngati zaledzera kwa kanthawi ngakhale ECG itaoneka bwino. Akadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, muwauze adokotala awo mosabisa, chifukwa nthawi zina kuwerenga kumayambiranso. Kumene kuli zipangizo, pali njira yachidule: wodwala amameza kachipangizo ka ultrasound, kamene kamaunika mtima kuchokera kummero, ndipo ngati kathumba kaja kali koyera shoko imachitika osadikira masabata atatu.

Shokoyo musaiope. Dzina lake ndi cardioversion, ndipo inayamba kufala kuchokera mu 1962 pamene Bernard Lown wa ku Boston anasonyeza mmene magetsi angaperekedwere mogwirizana ndi kugunda kwa mtima. Wodwala amagonekedwa tulo kwa mphindi zochepa, amamatidwa timapepala tiwiri pachifuwa kapena kutsogolo ndi kumsana, ndipo magetsi amadutsa kamodzi m'kuphethira kwa diso. Kanjira kozungulira kaja kamazima, woyimba ng'oma weniweni n'kutenganso ng'oma yake. Flutter imamvera msanga kuposa matenda ena a mtundu umenewu, nthawi zambiri ndi mphamvu yochepa ya majoule (muyeso wa mphamvu ya magetsi) 50 mpaka 100. Ambiri amadzuka n'kufunsa kuti tiyamba nthawi yanji. Chotsalira ndi kufiira pang'ono pakhungu.

Chinthu chimodzi m'kalata yanu chandikhudza: mapilo atatu aja. Munthu amene akubanika akagona chagada nthawi zambiri amakhala ndi madzi m'mapapo, chizindikiro choti mtima watopa. Mtima wothamanga 150 usana ndi usiku kwa masabata umafooka ngati mmene mwendo ungafookere, ndipo chosangalatsa n'chakuti mtima wofooka motere umatha kupezanso mphamvu liwiro likakonzedwa. Muwauze adokotala za mapiloyo, muonenso ngati mapazi akutupa, ndipo mupemphe kuti awaunike mtima ndi echo, imene ndi ultrasound ya mtima. Zimathandiza posankha mankhwala, chifukwa ena monga verapamil ndi diltiazem, amene amatsitsa bwino liwiro, sayenera kuperekedwa kwa munthu wa mtima wofooka. Awayezenso chithokomiro, shuga ndi impso. BP ya zaka zambiri ndi imene ndikuikayikira kwambiri, poti imatanula zipinda zam'mwamba pang'onopang'ono, koma matenda a mapapo a osuta fodya, mavavu owonongeka, mowa, kunenepa kwambiri ndi kubanika m'tulo nazonso zimayambitsa. Ngati amaliza mkonono mpaka kumaima kupuma, inu ndi amene mukudziwa, iwo sadziwa.

Kudikira kuja kuli ndi malire. Akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, akayamba kubanika ali chikhalire, akazizira manja n'kutuluka thukuta, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Zikatero timachita shoko osadikira. Chimodzimodzi mukaona nkhope yapotoka, mkono wagwa kapena mawu akukokeka, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi khumi. Muone nthawi imene zayambira, chifukwa limenelo ndilo funso loyamba limene adzakufunseni.

FUNSO

Adokotala, ndili ndi zaka 71, ndimadwala shuga ndi BP. Chaka chatha anandichita shoko chifukwa cha atrial flutter ndipo mtima unakhala bwinobwino. Patapita miyezi iwiri ndinasiya warfarin, poti ndinkamva bwino komanso ndinatopa ndi kubayidwa mwezi ndi mwezi. Ndinayamba kumwa aspirin m'malo mwake. Anzanga amati warfarin ndi mankhwala a makoswe. Pano mtima wayambiranso ndipo akunena za ablation. Kodi ndikachita imeneyo ndidzasiyana nawo mankhwalawa?

Bambo wotopa ndi singano

YANKHO

Bambo, ndinu akuluakulu kwa ine, koma mundilole ndikudzudzuleni pang'ono. Mwayenda miyezi yonseyi opanda chitetezo, ndipo mwapulumuka mwamwayi.

Sitipereka mankhwalawa potengera mmene munthu akumvera. Timawerenga mapointi pa muyeso wotchedwa CHA2DS2-VASc. Mtima wofooka ndi pointi imodzi, BP imodzi, shuga imodzi, matenda a mitsempha imodzi, zaka 65 mpaka 74 imodzi, zaka 75 kupita m'tsogolo ziwiri, amene anadwalapo sitiroko ziwiri, ndipo mayi amawonjezeredwa imodzi. Inu muli ndi atatu: zaka, shuga ndi BP. Mwamuna akafika pa awiri timamulangiza kuti amwe mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, ndipo shoko sichotsa pointi ngakhale imodzi. Flutter imatha kubwera n'kupita usiku muli m'tulo, inu osamva kanthu. Aspirin pa vuto limeneli amateteza pang'ono kwambiri, koma kutaya magazi m'mimba ndiye amayambitsa ndithu.

Anzanuwo sananame kwenikweni. Warfarin anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948, ndipo anavomerezedwa kuti anthu azimwa mu 1954. Chaka chotsatira Dwight Eisenhower, pulezidenti wa America, anapatsidwa mankhwalawa atadwala mtima. Kusiyana kwa khoswe ndi inu ndi mlingo, ndipo kubayidwa kumene kwakutopetsaniko ndi kumene kumasunga mlingowo. Muyeso wa INR, umene umaonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ukatsika simuli otetezedwa, ukakwera mukhoza kutaya magazi. Warfarin ndi wamkangano, sagwirizana ndi mankhwala ambiri. Rifampicin wa TB amamufooketsa, cotrimoxazole ndi metronidazole amamupatsa mphamvu zopitirira, ndipo diclofenac ndi ibuprofen amawonjezera ngozi yotaya magazi. Aliyense wokulemberani mankhwala, ngakhale wochotsa dzino, mumuuze kuti muli pa warfarin. Chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wamagazi, kamfuno kosaleka kapena kugwa n'kumenyetsa mutu, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukanawauza adokotala anu kuti mwatopa, mwina akanakusinthirani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Masiku ano pali apixaban, rivaroxaban, dabigatran ndi edoxaban, amene safuna kuyeza INR, ngakhale impso zimayenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi ndipo kudumphitsa tsiku kumakusiyani pamtetete msanga kuposa warfarin. Koma si a aliyense. Amene ali ndi vavu yachitsulo, kapena vavu ya kumanzere yotchedwa mitral yopanikizika chifukwa cha matenda a rheumatic (amene amayamba ndi zilonda zapakhosi n'kuwononga mavavu), amakhalabe pa warfarin. Kafukufuku wamkulu wotchedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti mwa odwala mtima wa rheumatic, amene anali pa mankhwala a gulu la warfarin anamwalira ochepa poyerekeza ndi amene anali pa rivaroxaban. Ndiye funsani kaye zimene echo yanu inaonetsa.

Za ablation, maganizo anga ndi akuti ngati mwayi ulipo, muutenge. Flutter ndi yovuta kuiweta ndi mapiritsi, ndipo mwaona nokha kuti shoko imazimitsa moto koma nkhuni zimatsala. Kanjira kozungulira kaja kali ndi malo amodzi opapatiza, pakati pa vavu ya tricuspid ndi mtsempha waukulu wobweretsa magazi kuchokera kumunsi kwa thupi. Dokotala amalowetsa timawaya tofewa mumtsempha wa m'mphechepeche, n'kutiyendetsa mpaka mumtima akuona pa sikirini, kenako amawotcha kamzere kopingasa pamalo opapatizawo. Chipsera sichidutsa magetsi, ndiye mlatho wagumuka. Chifuwa sichitsegulidwa, ambiri sagonekedwa tulo tofa nato, ndipo amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pa flutter ya mtundu wofalawu, oposa 90 mwa anthu 100 alionse amachira. Zovuta zimene zimaoneka kawirikawiri ndi kutupa kapena kuchucha magazi pamene analowera. Zoopsa monga kubooka kwa mtima zimachitika mwa apo ndi apo. Amene anachitidwapo opaleshoni ya mtima akhoza kukhala ndi kanjira kena kozungulira chipsera chakale, ndipo kameneko kamavutirapo.

Koma funso lanu lenileni ndi lakuti mudzasiyana nawo mankhwalawa, ndipo yankho langa silikusangalatsani. Flutter ili ndi mbale wake, atrial fibrillation, kumene magetsi a m'zipinda zam'mwamba amangoti balala popanda dongosolo lililonse. Awiriwa amamera m'munda umodzi, ndipo anthu ambiri amene flutter yawo inathetsedwa ndi ablation amadzapezeka ndi fibrillation pakapita zaka, makamaka achikulire a BP ndi shuga. Ndi mapointi atatu, ine ndikanakhala dokotala wanu sindikanafulumira kukusiyitsani. Pakadali pano bwererani kuchipatala sabata ino kuti muyambirenso, siyani aspirin pokhapokha ngati pali chifukwa china chimene anakupatsirani, ndipo ngati mumalawa mowa, dziwani kuti usiku umodzi wa kumwa kwambiri ndi wokwanira kudzutsa matendawa.

FUNSO

Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 27. Nthawi zina mtima wanga umangoyamba kuthamanga mwadzidzidzi kwa mphindi khumi kapena makumi awiri, kenako n'kusiya wokha ngati wazimitsa switchi. Ndikafika kuchipatala amapeza zonse zili bwino. Kodi ingakhale flutter?

Mtsikana wodabwa

YANKHO

Achemwali, pa msinkhu wanu flutter siichitikachitika, pokhapokha ngati munabadwa ndi vuto la mtima, munachitidwapo opaleshoni ya mtima, kapena mavavu anawonongeka ndi rheumatic muli mwana. Kuyamba ndi kusiya ngati switchi kukundikumbutsa vuto lina lotchedwa SVT, limene nalonso ndi magetsi ozungulira, koma m'kanjira kakang'ono kodutsa pachipata chija cha AV node. Nthawi zambiri silikhala loopsa ndipo limachizika. Kuchepa kwa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira ndi kukhala ndi pakati nazonso zimathamangitsa mtima, ndiye muyezetse zimenezi.

ECG imajambula masekondi khumi okha, choncho ikajambulidwa mtima utakhazikika kale singaonetse kanthu. Funsani za Holter, kamakina kovala pathupi kwa maola 24 kapena kuposerapo. Zikakuyambaninso, khalani pansi, ikani zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi. Lembani nambalayo, nthawi imene zayamba ndi imene zasiya, zimene mumachita, komanso ngati kugundako kunali kwadongosolo kapena kodumphadumpha. Zikapitirira theka la ola, kapena mukamva chizungulire choti mugwa, wina akuperekezeni kuchipatala zidakali m'kati, ndipo mukafika munene pakhomo pomwe kuti mukufuna ECG mtima usanatsike.